Pepala Limodzi, Eni Ake Ambirimbiri

Mutu Wachinayi

1. Khoma loyera

Pasukulu ponse panalibe amene ankamuitana mtsikana ameneyu ndi dzina lake lenileni. Onse ankangoti Kamakala, chifukwa zala zake zinkakhala zakuda bii kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu, ndipo kolala ya yunifolomu yake inkachitira umboni. Khala likagwa pambaula, ena ankaona chinyalala. Iye ankaona pensulo yaulere.

Tsiku lina aphunzitsi a zojambula anatulutsa kalasi yonse ya Fomu 2 panja. Aphunzitsiwa anali mayi wamfupi, woyenda mofulumira, wokonda kulankhula akugwedeza rula ngati akuimbitsa kwaya. Anawaimika ana aja kumbuyo kwa laibulale yatsopano, pamene panali khoma lalikulu loyera mbee, loyang'ana kumsewu.

"Mukuliona khomali?" anafunsa. "Likundisowetsa mtendere. Khoma loyera chonchi, pasukulu pamene ine ndikuphunzitsa zojambula, ndi chipongwe. Ahedi avomera kuti tijambulepo. Aliyense ajambule chithunzi pa mutu wakuti ntchito ya manja. Chimene chidzapambane ndi chimene chidzakwere pakhomapa. Mubweretse Lachisanu m'mawa."

Kenako anagawa mapepala. Sanali mapepala wamba a m'kope ayi. Anali aakulu, okhuthala, olira ukawagwedeza.

"Pepala ndi limodzi pa munthu," anatero aphunzitsi. "Amene aliwononge asabwere kwa ine ndi misozi. Lina ndilibe, ndipo misozi sijambula."

Kamakala anakulunga pepala lake mosamala. Njira yonse yopita kunyumba anali atalikweza m'mwamba, kuopa njinga ndi tiana topempha kuligwira. Khoma lija ankalifuna ndi mtima wake wonse. Chimene analibe chinali choti ajambule.

2. Diso limodzi

Kunyumba anapeza amayi ake pamalo pawo pa masiku onse, pazenera la pabalaza, kumbuyo kwa makina osokera. Amayiwa anali telala, ndipo sabata imeneyo anali atazunguliridwa ndi mulu wa mayunifolomu a ana a eni ake. Tepi inali m'khosi, duku litapendekera mbali imodzi.

Nthawi imeneyo makina anali duu, chifukwa amayi ankasokerera mabatani pamanja. Ananyowetsa nsonga ya ulusi ndi milomo, nakweza singano kuzenera. Anatsinzina diso limodzi, linalo lili tong'o, kaulusi kena kali lende pakamwa. Dzuwa linalowa pazenera n'kugwera pazala zawo, ndipo ulusi uja unawala.

Kamakala anali ataona zimenezi kambirimbiri chibadwire. Koma tsiku limenelo anazionadi.

Anaponya chikwama pansi, nang'amba chivundikiro cha katoni ya sopo, natulutsa khala m'thumba.

"Iwe, wangofika osapereka ndi moni womwe," anatero amayi. "Ukundiyang'ana chonchi ndakudyera chiyani?"

"Musagwedezeke, amayi!"

"Ndisagwedezeke? Mabatani awa asokeka okha?"

Ulusi unalowa, amayi anatsitsa manja, basi zinathera pomwepo. Pakatoni panatsala timizere tochepa: manja awiri, singano, ndi theka la nkhope. Wina akanati nkhuku yapalasapo. Koma Kamakala atayang'ana, mtima unamugunda ndi chimwemwe, ndipo anathamanga nako kakatoni kaja osavula ndi yunifolomu yomwe.

3. Zikwangwani zoyang'ana kukhoma

Anathamangira kwa amalume ake, mlongo wawo wa amayi ake, amene ankalemba zikwangwani. Malo awo antchito anali kachipinda kamalata m'mphepete mwa msewu waukulu, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi wokonza mafoni. M'katimo munkanunkha penti ndi palafini. Mabulashi ankakhala m'zitini, ndipo ovololo ya amalumewo inali ndi mitundu yambiri moti mtundu wake woyamba unaiwalika kalekale.

M'chipindamo munali chinthu chimodzi chodabwitsa. Chikwangwani chilichonse chosatha chinkakhala chotembenuza, chikuyang'ana kukhoma.

Amalume analandira kakatoni kaja ndi nsonga za zala, nakayang'ana nthawi yaitali.

"Uyu ndi mlongo wanga," anatero. "Diso ili ndimalidziwa. Ndi limene amandiyang'ana nalo ndikamubweretsera buluku long'ambika pabondo."

Kamakala anadumpha ndi chisangalalo. Koma amalume anatembenuza kakatoni kaja chafufumimba patebulo, naikapo dzanja.

"Khala pansi undimvere, mwanawe. Ichi sichinafike pokhala chithunzi. Ndi ganizo chabe, ndipo ganizo likangobadwa limakhala lanthete, liwombo likugunda. Suliyendetsa khomo ndi khomo kuti aliyense alinyamule. Ukuziona zikwangwani zangazi? Anthu amati ndimazitembenuza kuopa fumbi. Fumbi silinandilakwirepo ine. Ndimaopa pakamwa pa anthu. Munthu akaona chinthu chosatha, amaona ngati ndi udindo wake kuchimaliza ndi pakamwa. Wina ati onjezera nkhuku, wina ati chilembo ichi chikhale chofiira, wina ati ikapo dzina la mwana wanga. Onsewo amakufunira zabwino, n'chifukwa chake ali oopsa. Mdani umamukana mosavuta, koma wokukonda amakulowa akumwetulira."

"Ndiye nditani, amalume?"

"Pepala la aphunzitsi ulisiye lili chikulungire. Tenga mapepala a matumba a simenti awa, uyesereko kaye. Lero dzanja, mawa diso. Jambula, taya, jambulanso. Ulilere ganizoli mpaka liime lokha. Likaima, ukalionetse kwa aliyense amene ukufuna, ngakhale kwa azakhali ako. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ndamva, amalume," anatero Kamakala.

Anamvadi, koma ndi makutu okha. Mapepala a simenti aja anawaiwala pabenchi.

4. Chabwino, chabwino

Tsiku lotsatira, atangoweruka, anayala pepala la aphunzitsi patebulo la pabalaza, pamene aliyense amadutsa, natsindira m'makona ndi makapu. Anajambula amayi ake pakati penipeni, ndipo dzanja linkamumvera bwino.

Woyamba kufika anali azakhali, mlongo wawo wa abambo ake, amene anali ndi saluni pakona pa msewu. Azakhaliwa mawu awo ankafika pakhomo eni ake akadali kumpanda.

"Ee, ee, ee! Alamu anga awa! Mwana uyu ali ndi dzanja, watengera kwathu. Koma mutu wake akuti chiyani?"

"Ntchito ya manja, azakhali."

"Nanga ine ndimaluka tsitsi ndi mapazi? Malo onse ali mbee apawa ukusungira ndani? Undiike apa, chipeso kumanja, kasitomala atakhala patsogolo panga. Ndipo usandinenepetse."

Malo amene ankalozawo anali a zenera, polowera kuwala. Kamakala anatsegula pakamwa, koma anakumbukira kuti nsapato zimene wavala anagula ndi azakhali omwewo. Komanso mwana wolereka amatsutsa bwanji azakhali?

"Chabwino, azakhali."

Madzulo anafika abambo kuchokera kugalaja, pakuti anali makaniko. Anaima kumbuyo kwake akupukuta oyilo ndi kansanza.

"Ngati nkhani ndi ya manja, manja ndi awa," anatero akuwatambasula. "Khoma la kumsewu lopanda galimoto? Anthu adzatiseka. Ika galimoto apa, boneti yotsegula, ine nditalowamo mpaka m'chiuno."

"Chabwino, ababa."

Mchimwene wake wamkulu, amene anzake ankamutcha Goloboyi chifukwa ankagwira pagolo m'timu ya sukulu, sanafune kutsalira.

"Pabwalo lonse ndine ndekha wololedwa kugwira mpira ndi manja. Ngati imeneyo si ntchito ya manja, ndiye ndi chiyani? Undijambule ndili m'malere."

"Chabwino, achimwene."

Ngakhale mayi woyandikana nawo nyumba, amene anangobwera kudzatenga diresi lake, anachoka atasiya benchi yake ya tomato pakona ya pepala.

"Mwaona?" anatero abambo mokondwa. "Mutu umodzi susenza denga."

Amayi okha ndi amene sanapemphe kanthu. Anangosuzumira kamodzi, makina akulira, nati, "Bola musandidetsere makapu anga."

Pofika Lachitatu madzulo, papepala panalibe poti ntchentche n'kutera. Aliyense ankaloza pamene ali, akuseka ndi kuwomba m'manja. Kamakala nayenso ankamwetulira, koma mumtima munalibe chimwemwe chija anali nacho pa kakatoni ka sopo. Sanadziwe chimene chavuta.

5. Tsidya la msewu

Lachinayi ataweruka ananyamula pepala lija kupita nalo kwa amalume. Iwo analitambasula. Analipana pabolodi, natulutsa bolodilo panja, naliimika pakhomo.

"Oloka msewu," anatero.

"Ndikatani kumeneko?"

"Chikwangwani sachiwerengera pamphuno. Munthu amachiona ali m'basi, kapena ali panjinga akuzemba maenje. Khoma lako nalonso lili kumsewu. Oloka, ukaime paja pali mtengo wa magetsi."

Kamakala anadikira kuti lole idutse, naoloka. Atatembenuka, amalume anafuula ali tsidya lina.

"Ukuona chiyani?"

"Galimoto!"

"China?"

"Mpira! Ndi zinthu zakudazakuda!"

"Nanga mlongo wanga ali pati?"

Kamakala anafunafuna ndi maso. Ankadziwa bwino lomwe pamene anawajambula amayi ake, pakuti anajambula ndi iye mwini. Koma sanawaone. Singano, ulusi, diso lija, kuwala kuja, zonse zinali zitamira m'chigulu cha anthu. Chinamupweteka kwambiri, ndipo anaoloka msewu misozi ili m'maso.

"Ndawononga, amalume."

"Sunawononge wekha, munathandizana," anatero amalume akuseka. Kenako anamukhazika pabenchi namupatsa kansalu koti apukutire maso, ngakhale kansaluko kanamusiyira penti yobiriwira patsaya.

"Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndikudziwa chimene chinakugwetsa iwe. Si umbombo ayi, ndi ulemu. Ulemu ndi chinthu chabwino, ndipo mlongo wanga anakulera bwino. Koma ulemu si kunena chabwino pa chilichonse. Kuno kumabwera eni masitolo ofuna kuti ndilembe katundu yense wa m'sitolo mwawo pabolodi limodzi, kuyambira sopo mpaka misomali. Ndimawapatsa mpando, ndimawamvetsera mpaka amalize, kenako ndimawauza kuti bwana, tikatero palibe adzawerenge. Kumeneko ndiye kuwalemekeza, chifukwa ndawauza zoona. Malangizo umalandira ndi manja awiri, koma usanagwiritse ntchito umayamba wapeta. Tsopano zili kwa iwe. Ukhoza kukapereka chimenechi mawa. Kunyumba onse akhala okondwa, ndipo palibe amene adzakudzudzule. Ngati pali njira ina, uipeze wekha. Ine sindikusankhira. Ndikakusankhira ndikhala chimodzimodzi ndi azakhali ako, kungosiyana kuti ine ndilibe chipeso."

"Koma pepala lina kulibe."

"Kulibedi," anavomereza amalume, nabwerera kukamaliza chilembo chimene anachisiya.

Kamakala anadzuka pabenchi. Kenako anapita pabolodi, namasula pepala kuti alikulunge. Pamene ankalipinda, kumbuyo kwake kunatulukira, koyera mbee.

"Amalume! Pepalali lili ndi kumbuyo!"

"Ine sindinanene kanthu," anatero amalume osatembenuka.

Kamakala anayang'ana mbali ya achibale, nayang'ananso mbali yoyera. Azakhali ankawaopa, ndipo abambo sankafuna kuwakhumudwitsa. Komabe analipana pepala lija pabolodi, mbali yoyera ili kunja.

6. Mwana wophunzira kuoloka

Ulendo uno sanathamangire pepala lalikulu. Anatenga mapepala a simenti aja, amene anali akadali pabenchi pamene anawasiya.

Poyamba anajambula amayi athunthu, ndi makina awo, ndi mulu wa mayunifolomu. Anaimika pakhomo, naoloka msewu. Makina ndi amene ankaoneka, amayi ayi. Anabwerera, nachotsa makina. Anaolokanso. Tsopano mulu wa zovala unkaoneka ngati chulu. Anauchotsa. Anakulitsa manja, nasendeza nkhope kumbali, naolokanso.

Wowotcherera zitsulo uja anakweza magalasi ake akuda n'kufunsa, "Kodi akulu, mwanayu mukumuphunzitsa kuoloka msewu?"

"Ayi, akuphunzira kutaya," anayankha amalume.

Mapepala a simenti atatsala pang'ono kutha, Kamakala anaima tsidya lija osafulumira kubwerera. Pakhomo pa amalume panali mayi akulowetsa ulusi m'singano, ndipo ankaoneka bwinobwino ngakhale basi itadutsa pakati.

Apo m'pamene anagwira pepala la aphunzitsi. Anajambula nkhope chakumbali, diso limodzi lotsinzina, ndi manja awiri aakulu pakati. Kumbuyo kwa manjawo anadetsa ndi mimba ya khala, nafafaniza ndi kansalu kuti mdima ukhale wosalala. Mbali ya zenera sanaikhudze n'komwe. Ulusi sanaujambule ndi khala. Anatenga labala, nakoka ndi m'mphepete mwake kamzere kamodzi kudutsa mumdima muja, ndipo ulusi unatuluka woyera, ukuwala.

Amalume anabwera kudzaima pambali pake. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono movomereza. Kenako anakhudza pakona ndi chala, ndipo chalacho chinada.

"Vuto latsala limodzi. Makala sagwira okha papepala. Ukakulunga chonchi, pofika kusukulu mlongo wanga adzakhala atasanduka utsi. Pamafunika mankhwala aja opopera tsitsi kuti liume. Ukapopera pang'ono, makala amamatirira."

"Nanga ndiwapeza kuti?"

Amalume anamwetulira mpaka mano onse kuonekera. M'dera lonselo, munthu amene anali ndi mankhwala amenewo anali mmodzi yekha.

7. Mawu awiri kusaluni

Kamakala anapeza azakhali akuluka kasitomala, ena awiri akudikira pabenchi. Anapereka moni kwa onse, naima pafupi ndi galasi manja ali kumbuyo.

"Azakhali, ndabwera ndi mawu awiri."

"Lankhula, wojambula wathu. Amayi inu, mwana uyu wandiika pachithunzi chopita pakhoma la sukulu."

Kamakala anasendera pafupi ndi azakhali.

"Oyamba ndi akuti ndakuchotsanipo. Achiwiri, ndikupempha mankhwala opopera tsitsi."

Makasitomala anaphulika ndi kuseka. Azakhali anasiya tsitsi, nagwira m'chiuno.

"Tamumverani mwana wa achimwene! Wandithamangitsa m'nyumba, kenako akubwera kudzapempha moto! Wachotsa ine ndekha?"

"Ayi, onse. Ababa, achimwene, ndi tomato yemwe."

"Ndi galimoto yomwe?"

"Ndi galimoto yomwe."

"Aa, ngati achimwene nawonso agwa, bola," anatero azakhali, nkhope itamasuka pang'ono. "Koma tinakulakwira chiyani?"

"Simunalakwe, azakhali. Ndinalakwa ndine, ndinavomera zinthu zimene pepala silikanatha kunyamula. Nditaima tsidya la msewu, palibe amene ankaoneka. Inuyo munkangooneka ngati tayala la galimoto ya ababa."

"Tayala! Ine? Sindinanene kuti usandinenepetse?"

Kasitomala amene ankalukidwa uja anaseka mpaka kutsokomola. Azakhali anayang'ana Kamakala kuyambira kumutu mpaka kunsapato zija anagula okha. Kenako anatambasula dzanja pashelefu, natsitsa chitini.

"Tenga. Mwana wonena zoona pamaso ndi wabwino kuposa wokuika pakhoma uli tayala. Koma udziwe chinthu chimodzi. Ukapopera mankhwala angawa, ndiye kuti ine ndilimo ndithu. Chithunzi chonsecho ndachigwira ndine."

Kunyumba Kamakala anawauzanso abambo ndi mchimwene wake, asanayambe kudya.

"Galimoto yonse ija?" anafunsa abambo mwachisoni. Anakanda m'mutu kwa kanthawi. "Chabwino. Injini ukaidzaza zitsulo zosafunika silira. Koma tikufuna tichione chimene chatichotsa ntchitocho."

Goloboyi sanalankhule naye mpaka m'mawa. Pepala, atalipopera mankhwala aja, linagona kwa amalume kuti liume bwino, choncho kunyumba palibe amene analiona.

8. Lachisanu

Aphunzitsi a zojambula anandandalika zithunzi zonse m'munsi mwa khoma loyera lija. Kenako anatenga ahedi ndi kalasi yonse kukaima kumpanda, pafupi ndi msewu.

Zithunzi zabwino zinalipo. Mnyamata wina anajambula mmisiri akuyala njerwa, ndi mitundu yowala, ndipo ahedi anaima nthawi yaitali akuchiyang'ana. Kamakala anangoti basi, khoma lapita. Chake chinali chakuda ndi choyera basi.

Koma maso a ahedi anasuntha, naima.

"Icho," anatero akuloza. "Mayi uyo akulowetsa ulusi. Ndangozindikira kuti ndagwira mpweya, kuopa kuti angaphonye."

"Nanenso ndimayang'ana chomwecho," anatero aphunzitsi, rula ili m'mwamba. "Kamakala, khoma ndi lako!"

Kalasi yonse inakuwa. Mnyamata wa njerwa uja anabwera kudzamugwira chanza, kenako anayang'ana dzanja lake n'kulipukutira pabuluku.

Aphunzitsi anatembenuza pepala kuti alembe dzina kumbuyo, ndipo anadzidzimuka.

"Kuno kunali msika?"

"Kunali achibale, madamu."

Aphunzitsi anaseka mpaka kutsamira khoma. "Wachita bwino kuwasiya kumbuyo. Lolemba tiyamba. Makwerero ndi penti zilipo kale. Nkhope iyi idzakhala yaitali kuposa chitseko. Litenge pepalali ukawaonetse kwanu, koma Lolemba libwere, chifukwa popanda ilo sitingayambe."

9. Mwini nkhope

Nkhani inafika kunyumba iye asanafike, pakuti Goloboyi anathamanga nayo ngati kuti wapambana ndi iye. Pabalaza panali podzaza. Abambo anaweruka msanga, ndipo azakhali anasiya kasitomala mutu uli theka.

Kamakala anaima pafupi ndi chitseko, natambasula pepala.

Abambo anavula chipewa.

"Ndi iyeyu," anatero motsitsa mawu. "Ndi mmene ndinamuonera tsiku loyamba, nditapititsa malaya oduka batani."

"Mwaona mmene makala agwirira?" anatero azakhali, koma mawu awo sanakwere ngati masiku onse. "Alamu, tabwerani mudzadzione."

Amayi anaimitsa makina. Anadzuka, napukuta manja pachitenje, nayandikira. Anayang'ana nthawi yaitali, ndipo maso awo anadzaza misozi.

"Kodi ndimaoneka chonchi?" anafunsa. "Zaka zonsezi ndimayesa m'nyumba muno mumangoona msana wanga."

Anamukoka Kamakala n'kumukumbatira, osasamala za makala. Mtsikanayo anasangalala kuposa mmene anasangalalira kumpanda kuja, ndipo mawu anangotuluka okha.

"Tiyamba Lolemba, amayi! Madamu akuti nkhope yanu idzakhala yaitali kuposa chitseko. Aliyense wodutsa pamsewu azidzakuonani!"

Manja a amayi anamasuka pang'onopang'ono.

"Kuposa chitseko?"

"Eya, amayi!"

"Pakhoma lija loyang'ana kumsewu? Pamene pamadutsa makasitomala anga onse?"

"Lomwelo."

Amayi anayang'ananso chithunzi chija, koma tsopano ndi diso lina. Anakweza dzanja n'kuwongola duku lawo.

"Pachithunzi choyamba chija ndinali kamunthu kakang'ono pakati pa gulu, ndipo ndinalibe nazo kanthu. Apa ndili ndekhandekha, diso limodzi, ulusi pakamwa, duku lili kumbali. Ine ndine munthu wa kuseri kwa makina, mwanangu. Ngakhale paukwati ndimakhala kumbuyo. Unapita kusaluni kukawauza azakhali ako kuti wawachotsa. Unawauza abambo ako, unamuuza mchimwene wako. Unachita bwino. Nanga ine amene wandisiyapo, unandipempha?"

Kamakala anatembenukira achibale ake. Anayang'ana abambo, abambo anayang'ana chipewa chawo. Anayang'ana azakhali, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire anaona azakhali atasowa chonena.

Amayi anatenga pepala lija m'manja mwake. Analikulunga mosamala kwambiri, kuopa kulipinda, nalimanga ndi kansalu. Kenako anakwera pampando n'kuliika pamwamba pa kabati.

"Chithunzichi n'chokongola, ndipo ndi chako," anatero akutsika. "Koma nkhopeyo ndi yanga."

Anabwerera pazenera, naponda makina, ndipo makina anayamba kulira. Kamakala anatsala chiimire pakati pa balaza, maso ali pamwamba pa kabati. Kusukulu makwerero anali atatsamira kale khoma, kudikira Lolemba.